Belu la Tchalitchi Chakale ku Chilomoni

Belu linayamba kulira lokha sabata imene akuluampingo anagwirizana zogumula tchalitchi chakale cha m'munsi mwa phiri la Michiru.

Kanali katchalitchi kakang'ono ka njerwa zofiira. Mmishonale wa ku Sikotilandi, a Hawkins, anakamanga motengera tchalitchi cha kumudzi kwawo: mazenera aatali opapatiza, denga losongoka ngati kuno kumagwa chisanu cha kwawoko, ndi kansanja ka belu pamwamba pa khomo. Koma Chilomoni anakula, anthu ankamvera ulaliki ali panja, ndiye mpingo unafuna nyumba yaikulu pamalo pomwepo.

A Onesimo Mpakula, mkulu wampingo wosunga makiyi, anamva kulirako ali pabedi. Ngwee! Kenako zii. Agalu anauwa mpaka ku Nthukwa. Mawa lake zinachitikanso. Pamsika anthu ankanong'onezana kuti a Hawkins abwerera kudzalondera njerwa zawo, ena akuti anaona chinthu chachitali choyera chikuwerenga mazenera.

A Onesimo ankangoseka, mpaka tsiku limene tcheyamani wa chipani anawaimitsa panjira. Anawauza kuti belu lolira mumdima ndi chizindikiro cha zigawenga, ndipo makiyi ali ndi munthu mmodzi. Masiku amenewo mawu otere ankatha kumukweza munthu galimoto osabwerera.

Madzulo ake a Onesimo anauza akazi awo, a Regina, kuti akupita kumaliro, nakadzitsekera m'tchalitchimo. Mdima unali wandiweyani. Mileme inkapupiza kudenga, mabenchi akale akulira okha, mphepo yozizira ikulowera m'ming'alu. Anakhala atagwira chingwe cha belu ndi manja onse awiri. Chingwecho sichinagwedezeke, koma pamwamba pa mutu wawo belu linalira. Ngwee!

Miyendo inawatulutsa asanaganize. Akuthamanga kuseri kwa tchalitchi, anakodwa ndi kachingwe kopyapyala, nagwa chafufumimba. Kachingweko kankatsika kuchokera pakansanja n'kulowa m'tchire la mpanda. M'menemo munali anthu awiri ofunda mabulangete.

"Abambo a Venansio," ananong'ona mmodzi, "maliro aja ali kuno?"

Anali a Regina. Winayo anali mayi Mwanamisi, Msilamu woyandikana nawo nyumba, atatseka pakamwa ndi nsalu kuti kuseka kusamveke.

Anakhala pansi onse atatu. A Regina anafotokoza kuti ukwati wawo unadalitsidwa m'tchalitchimo, ana awo onse anabatizidwa m'menemo, koma pa nkhani yogumula palibe anafunsa amayi. Mayi Mwanamisi anati bambo awo, malemu a Hussain, ndiwo anayala njerwazo, ndipo iwo sangaonerere thukuta la bambo awo likusanduka zibuma. Kachingweko anakakoletsa kubelu ndi nsungwi yokolera mapapaya, kuti akuluampingo aope kugumula.

A Onesimo anaseka mpaka misozi, koma atawauza za tcheyamani uja, amayiwo anadzuka msanga. Anakoka kachingweko, nakakaponya pamoto asanagone.

Kwa tcheyamani a Onesimo ananena kuti mtanda wopachikapo belu unali utakhwefuka, mphepo ya m'phiri imaugwedeza, ndipo aukhoma. Kwa akuluampingo ananena kuti amayi amvedwe kaye. Akuluwo, omwe ambiri anali atasiya kudutsa pamenepo kukada, anavomera mwachangu kuti chatsopanocho chimangidwe pambali, chakalecho chikhale cha Sande sukulu.

Usiku wa tsiku limenelo a Onesimo anagona mtima uli m'malo. Tulo titangowagwira, anadzidzimuka. Ngwee! Kamodzi kokha, mofatsa. Kunja kunalibe mphepo. Anatambasula dzanja, napeza a Regina ali pomwepo, maso ali tong'o. Kuseri kwa khoma mayi Mwanamisi ankamveka akutsokomola m'nyumba mwawo.

"Si inu?" anafunsa a Onesimo chapansipansi.

"Ndiyetu ndili pano."

Anamvetsera nthawi yaitali, koma silinalirenso. A Regina anakoka bulangete mpaka kumutu.

"Gonani, bambo," anatero ali m'katimo. "Mwina a Hawkins aja akungothokoza."