Mphunzitsi wa Gitala wa ku Balaka

Clementina anakumana ndi Yoram pa depoti ya Liwonde, tsiku lomwe kumwamba kunali bii koma mvula osagwa. Anali atabereka gitala yamagetsi ya kwaya ya kwawo ku Nsanama, akufunafuna woikonza.

"Achemwali, katunduyu ndi wanu kapena mwangotumidwa?" anafunsa mnyamata wina wamtali, wa shati yakuda.

"Ndimaimba ndine. Koma yasiya kulira."

"Ndine Yoram. Ndimakonza zoimbira ku Balaka. Tiyeni ndikakuchizireni."

M'kashopu kake kuseri kwa msika, Yoram analumikiza waya woduka m'mphindi zisanu zokha. Kenako anayala pansi timabokosi tinayi tachitsulo.

"Awa ndi mapedulo. Mukaponda ndi phazi, mawu a gitala amasintha. Kofiiraka ndi distoshoni. Tapondani."

Clementina anaponda, n'kumenya nsambo. Gitala inabangula ngati njinga yamoto pachitunda! Anadzidzimuka, kenako n'kuseka.

"Aka ndi dilei. Mukaimba kamodzi, kamabwereza ngati phiri likukuyankhani. Rivebu imamveka ngati muli m'tchalitchi chachikulu chopanda anthu. Ichi ndi wawa: mukamagwedeza phazi, gitala imalira ngati khanda. Koma wophunzira asamaponde zonse nthawi imodzi, limangokhala phokoso. Yambani ndi mawu oyera, kenako kamodzikamodzi."

Kuyambira tsiku limenelo, Lachitatu lililonse Clementina ankakwera minibasi ya ku Balaka. Pofika mwezi wachitatu, "achemwali" anali atasanduka "duwa langa".

"Ndisanakuone, mtima wanga unali gitala yosalumikiza," anatero uthenga wina wa pa foni. "Mvula ikangotha ndikutumiza amalume ku Nsanama. Ndiwe wekha, Tina, mpaka imfa."

Ndi mtsikana uti akanakana mawu otere?

Komabe panali tinthu tomusautsa. Yoram anali ndi foni ina yaing'ono yomwe ankaisunga m'thumba la thalauza. Isanalire n'komwe, sipika inkayamba kuchita di-di-di, di-di-di, ndipo nkhope yake inkasintha. Ankatuluka panja n'kukoka chitseko.

"Ndani ameneyo?"

"Kasitomala wovuta. Bwereza pa dilei paja, ukufulumira kwambiri."

Loweruka ndi Lamulungu anamuletsa kubwera. Kunyumba kwake sanamutengereko ndi tsiku limodzi lomwe.

Tsiku lina mayi wogulitsa mandasi pakhomo pa shopuyo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwanawe, kwanu n'kuti?"

"Ku Nsanama, amayi."

"Kutalitu," anatero mayiyo akupukusa mutu. Anatsegula pakamwa ngati anenanso zina, koma Yoram anatulukira pakhomo, ndipo mayiyo anangoyamba kuingitsa ntchentche.

Mvula itatha, Yoram anati akupita ku Mozambique kukagula zipangizo, masabata awiri.

"Foni sizigwira kumeneko, duwa langa. Ndikangobwera, amalume anyamuka."

Patapita masiku atatu, bambo wina anamuimbira foni.

"Ndine Feston, mwini bandi kuno ku Liwonde. Tili ndi ukwati Loweruka ku Balaka, ndipo tikufuna wa gitala. Ndamva kuti mumatha mapedulo."

"Mwamva kwa ndani?"

"Mbiri imayenda, achemwali. Mubwera?"

Clementina anavomera pomwepo. Kuimba ndi bandi koyamba! Anatumizira Yoram uthenga: "Wokondedwa, wophunzira wako wapeza mwayi! Bwenzi ulipo." Yankho silinabwere.

Loweruka masana holo inadzaza. Kunali kutentha, mafani osazungulira. Clementina anayala mapedulo a bandiyo.

"Akwati afika!" anafuula woyendetsa mwambo. "Bandi, tipatseni moto!"

Clementina anayamba ndi mawu oyera, kenako anaponda rivebu. Amayi analulutira. Aperekezi analowa akuvina awiriawiri. Pambuyo pawo panali mkwatibwi wachisoti chonyezimira, atakolowekana mkono ndi mwamuna wa suti yotuwa.

Anali Yoram.

Zala za Clementina zinauma. Phazi linatsetsereka n'kugwera pa distoshoni, gitala inakuwa moboola makutu. Anthu onse anatembenuka. Yoram anamuona, ndipo anaima chilili pakati pa holo, mpaka mkwatibwi anachita kumukoka.

"Imbani, achemwali!" ananong'oneza Feston. "Mutichititsa manyazi!"

Anaimba. Misozi ikudonthera pa gitala, anaimba nyimbo yolowera, ya keke, ndi za perekaniperekani zonse. Akanathawira kuti, anthu mazana atatu akumuyang'ana?

Pa nthawi yopuma anatuluka n'kukatsamira khoma la kuseri. Foni inanjenjemera.

"Tina, si mmene ukuganizira. Anandikakamiza. Mtima wanga uli ndi iwe. Usauze munthu."

Asanamalize kuwerenga anamva diresi ikukhwekhwerezeka pansi. Mkwatibwi anali ataima patsogolo pake, yekha.

"Ndinu Clementina, eti? Ine ndine Hellen."

"Pepani, ine sindimadziwa, ndikulumbira..."

"Ndikudziwa kuti simumadziwa. Mauthenga anu ndinawawerenga onse, miyezi isanu. Nambala yanu ndinawapatsa a Feston ndine."

Clementina anamuyang'ana m'maso.

"Chifukwa chiyani?"

"Ndikanakuimbirani foni mukanakhulupirira? Akanakuuzani kuti ndine wamisala. Ndi zomwe anamuuza mtsikana wina wa ku Ntaja yemwe ankamunamizanso chaka chatha."

"Ndiye mukudziwa zonsezi, mukukwatiwa nawobe?"

Hellen anaika dzanja pamimba pake. Pansi pa nsalu yoyerayo mimba inali itayamba kuoneka. Sanamwetulire, sanalirenso.

"Inu muli ndi mwayi, mukwera minibasi madzulo ano n'kubwerera kwanu," anatero motsitsa mawu. "Ine ndikupita nawo kunyumba."

M'holo muja ng'oma zinayambanso, ndipo woyendetsa mwambo anali akuitana pa maikolofoni kuti mkwatibwi ali kuti.