Zala m'Chodyera cha Nkhumba

Nkhumba ya Idesi inasiya kudya, koma chakudya chake sichinasiye kutha.

Inali nkhumba yaikazi, yakuda, ya bere. Chaka chimene mvula inathawa chimanga chisanamasule, ndiyo yokha inatsala pakhomo pawo ku Zingalume. Mbuzi anali atagulitsa, nkhuku zinatha kalekale. Idesi ankayenda wapansi mpaka kuchigayo kukasaka gaga, n'kumuphika ndi masamba a mbatata, n'kuthira m'chipika chogoba chimene nkhumbayo inkadyeramo. Kale ikangomva kulira kwa chidebe inkakuwa mpaka kugwedeza mitengo ya khola. Tsopano inkangogona pakona, mphuno itakanikiza kumitengo, msana italozetsa kuchakudya. Idesi ankaima pamenepo mpaka dzuwa kulowa, nkhumba osatembenuka. Koma kukacha ankapeza chipika chili mbee.

Poyamba anadzitonthoza kuti ikudya usiku. Koma nthiti zinkaonekerabe, ndowe m'khola munalibe, ndipo kukamwa kwake kunali kouma, kopanda ngakhale kagaga. Anaganizira agalu. Kenako anayang'ana chitseko cha khola, chimene ankamanga yekha madzulo ndi lamba wa tayala, n'kuona kuti chamangidwa bwinobwino, koma mfundoyo si yake.

Anayesa zonse zimene ankadziwa. Anaimwetsa madzi a masamba a nimu, anasinja makala n'kusakaniza ndi mchere, anaithira madzi pamsana dzuwa likaswa. Mlangizi wa ziweto anabwera panjinga yamoto kuchokera ku Chadiza, anaiyang'ana m'makutu ndi kumimba, anaikanula pakamwa, nati si chigodola, chifukwa khungu silinafiire ndipo thupi silikutentha. Anaibaya jakisoni, nalangiza kuti aipatse chakudya chofewa ndi madzi ambiri. Nkhumba inamuyang'ana ndi diso limodzi, n'kubwerera pakona pake.

M'mawa wotsatira Idesi anagwada pachipika kuti achitsuke, ndipo anaona mizere m'gaga amene anakanirira pansi. Nkhumba ikadya imanyambita, imasiya posalala. Apa panali tinjira tondondozana, tonga timene munthu amasiya akamakomba mphika ndi zala.

Nkhaniyo inafika kwa Steward wa kumapeto kwa mudzi, mkulu wake wa Osward, mwamuna wa Idesi. Anabwera wovala shati yochapa, nkhope yosalala ngati kunalibe njala, nakhala pampando osaupatsidwa. Anati aliyense akudziwa kuti mwini chigayo amasunga ndondocha, anthu amene anawapha m'matsenga kuti azimugwirira ntchito, ndipo zimalondola fungo la gaga wa pachigayopo kulikonse kumene wapita. Anati nkhumba yaona zosaona, sidzadyanso, choncho bwino kuipha isanafe yokha, abale agawane nyama. Osward anangogwedeza mutu kuvomereza.

Idesi anawayang'ana onse awiri. Pa amuna awiriwo, panalibe amene ananyamulapo chidebe kupita kukhola. Panalibe amene anapsapo mapazi panjira ya kuchigayo. Lero anali atakhala pakhonde pake, akugawana miyendo ya nkhumba yamoyo, ya ana m'mimba.

"Alamu," anatero Idesi, mawu ali pansi, "mpeni wanu mukaphere za m'khola mwanu. Iyi mukaikhudza, mudzaona zimene simunazionepo."

Steward anaseka, nauza Osward kuti mkazi wake wakula mutu. Pofika madzulo mudzi wonse unkanena za ndondocha, ndipo amayi amene ankadutsa pakhomo pa Idesi popita kumjigo anayamba kuzungulira kuseri kwa tchalitchi.

Usiku umenewo sanagone. Kunalibe mwezi, kunalibe mphepo, ngakhale achule anali chete chifukwa madambo anali ataphwa. Patapita nthawi anamva lamba wa chitseko akulira pang'onopang'ono, monga amalirira akamamasulidwa ndi munthu wosafuna kumveka. Nkhumba inabuula kamodzi. Kenako kunamveka kutafuna. Sikunali kumeza kwaphuma kwa nyama ayi. Kunali kudya kopumira, kodikira, ndipo pakati pake pankamveka kukhuluza kwa chinthu pansi pa chipika. Idesi anagwedeza mwamuna wake, n'kupeza kuti maso ake ali otsegula kale.

"Gona, mayi a Melody," ananong'oneza Osward. "Zinthu izi sapenya."

Anagwira dzanja la mkazi wake molimba mpaka kutafuna kuja kunatha. Idesi anachezera usiku wonse akukukuta mano, akudana ndi chinthu chakunjacho, akudana ndi dzanja limene linamugwiralo.

Kutacha nkhumba inakanika kudzuka. Idesi anaika mutu wake pamiyendo yake n'kumaithira phala lamadzimadzi pakamwa ndi botolo, koma linkangotsikira m'khosi mwake kunja. Anaika chikhatho pamimba pake ndipo anamva kanthu kakugunda mofooka. Madzulo anaphika gaga monga mwa masiku onse, anamanga chitseko, anadikira Osward agone, n'kutenga mpini wa khasu ndi foni yake ya tochi, n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu.

Mdima unali wothithikana moti khola linkangodziwika ndi fungo. Miyendo inachita dzanzi. Udzudzu unamuluma m'makutu, iye osauthamangitsa. Nthawi ina anaganiza kuti wamva kukhuluza m'khola muja chitseko chisanatsegulidwe, koma atatchera khutu kunali zii. Kenako, kuchokera kunjira ya kumapeto kwa mudzi, kunamveka mapazi okhwekhwereza, akuima, akuyambanso. Chinthu chowerama chinadutsa pafupi naye kwambiri moti anamva kupuma kwake, kouma ngati masamba a chimanga. Lamba analira. Kutafuna kunayamba.

Mantha anali nawo, koma ukali unawaposa. Anafika pachitseko mpini uli m'mwamba, n'kuyatsa tochi.

Pachipika panali patagwada nkhalamba, gaga ali m'ndevu, dzanja lili pakamwa. Anali aMailosi, apongozi ake, bambo wa Osward ndi Steward, amene ankasungidwa kwa Steward chimwalirire akazi awo. Idesi anali asanawaone kwa nthawi yaitali, pakuti akafunsa ankauzidwa kuti akupumula m'nyumba. Malaya anali akulendewera pamapewa ngati pamtengo. Idesi, amene chikwatiwire anali asanawayang'anepo kumaso, anazimitsa tochi msangamsanga. Mpini unagwa.

Anayankhulana mumdima. Nkhalambayo inanena mawu ochepa, mopepesa. Chimanga cha chithandizo chimene chinkabwera m'dzina lawo, Steward ankachigulitsa. Chakudya ankapatsidwa tsiku limene mkazi wa Steward wakumbukira. Kupempha kwa mpongozi anachita manyazi, ndipo ataona kuti nkhumba yasiya kudya, anati gagayu angotayika.

Idesi anawatengera kukhitchini, anakoleza moto, nawaphikira phala la ufa womaliza umene ankasungira mwana wake Melody. Atakhala chowafulatira, anawafunsa ngati anaimenyapo nkhumbayo, kapena kuiopseza, poti inkaoneka ngati ikuopa chodyera chake chomwe.

"Iyayi, amayi. Siikuopa ine," anatero aMailosi. "Ikuopa enawo."

"Ena ati, bambo?"

"Amene amafika ine ndisanafike. Ang'onoang'ono. Salankhula. Ine ndimangokomba zimene asiya."

Idesi anafunsanso, koma nkhalambayo inangopitiriza kumwa phala. Anadziuza kuti njala imaonetsa anthu zinthu.

Dzuwa lisanatuluke anasenza chipika chija pamutu, gaga wotsala ali momwemo, n'kudutsa nacho pakati pa mudzi, anthu akusesa pamakomo. Anakachigwetsa pakhomo pa Steward mpaka chitseko chinagwedezeka. Steward atatuluka, Idesi anamuuza pamaso pa onse amene anamutsatira kuti iyi ndiyo mbale imene bambo ake akhala akudyeramo, ndipo ndondocha imene ankailalikira m'mudzi ndi munthu amene anamubala. Anamuuza kuti amudye yekha gagayo, amve kukoma kwake. Steward anayamba kukana, koma mkazi wake anali atalowa kale m'nyumba n'kudzitsekera, ndipo palibe amene anamuyankhira. Osward, amene anafika mochedwa, anaima kumbuyo kwa anthu akulira ngati mwana. Idesi sanamuyang'ane n'komwe.

Atabwerera anapeza nkhumba itafa, mphuno ili pakona pomwe paja, maso ali otsegula. Anthu ena anabwera ndi mabeseni, akuti poti si chigodola nyama isatayike. Anawathamangitsa onse. Anakumba yekha dzenje kumunda, anaikwirira ndi ana ake m'mimba, ndipo madzulo anaunjika mapesi pakhola n'kuyatsa moto. Ankaponyamo mitengo umodziumodzi, misozi osatuluka.

AMailosi anali atakhala pamphasa pakhonde, atafunda bulangete la Osward, mbale yopanda kanthu ili pambali pawo. Anayang'ana motowo mpaka denga la khola linagwera mkati. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono, nayang'ana chitseko cha nyumba, mmene Melody anali atagona kale, n'kufunsa mofatsa, ngati munthu wofunsa za mvula:

"Nanga enawo azidya kuti tsopano, amayi?"