Phulusa Aphunzira Njira ya Kudzala

Kettie anali mtsikana wa Sitandade 2. Kwawo kunali ku Nambuma. Koma amayi ake anamwalira nthawi ya dzinja. Tsopano ankakhala ku Nsaru. Ankakhala ndi amayi ake aang'ono, a Magdalena.

Kettie ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna mnzake.

Panyumba yatsopanoyi Kettie sankalankhulalankhula. Ankasesa. Ankatsuka mbale. Ankayenda monyang'ama. Ankaopa kulakwitsa.

Tsiku lina kunabwera a Yonasi, a nyumba yoyandikana nawo. Ananyamula dengu. M'dengumo munali kagalu. Kanali kotuwa. Kanali kowonda. Kankanjenjemera.

"Make wagundidwa ndi galimoto pamsewu," anatero a Yonasi. "Katsala kokha aka. Kodi mungakasunge?"

Kettie anayang'ana amayi aang'ono. Anangopempha ndi maso.

"Kakhale," anatero a Magdalena. "Koma kazigona pakhonde. Ndipo pakhonde panga sindifunapo uve."

Kettie anakanyamula. Kamtima kake kankagunda msangamsanga. Kettie anakapatsa dzina loti Phulusa.

Phulusa anali mwana. Sankadziwa pokodzera. Sankadziwa pobibira.

Phulusa anakodza pakhonde. Kettie anathira mchenga n'kusesa.

Phulusa anabiba pafupi ndi mtondo. Kettie anawola msangamsanga.

Phulusa anakodza pamphasa. Kettie anatsuka mphasa n'kuiyanika padzuwa.

"Phulusa, usamatero," ankanong'ona Kettie. "Atithamangitsa."

Phulusa ankangogwedeza mchira.

Kettie anapita kwa a Yonasi. Anawapeza akukonza njinga.

"Bambo, kodi galu amaphunzira bwanji?"

"Ena amamenya," anatero a Yonasi. "Koma galu womenyedwa amangophunzira mantha. Iwe uzichita chonchi. Akadzuka, pita naye kudzala. Akadya, pita naye kudzala. Akachitira komweko, umusisite. Umuuze kuti wachita bwino."

Dzala linali kuseri kwa nkhokwe. Kumeneko n'komwe ankataya zinyalala.

Phulusa akadzuka, Kettie ankapita naye kudzala. Phulusa akadya phala, Kettie ankapita naye kudzala. Ankaima n'kudikira. Nthawi zina Phulusa ankangothamangitsa ziwala. Nthawi zina ankachita bwino.

"Wakhoza, Phulusa," ankatero Kettie. Ankamusisita kumutu.

Koma m'mawa Kettie ankapita kusukulu. Phulusa ankatsala. Panalibe womuperekeza kudzala.

Inali nthawi yokolola mtedza. A Magdalena anasenda mtedza wambiri. Anauyanika pachiguduli, pabwalo. Kenako anapita kumjigo kukatunga madzi.

Phulusa anadzuka. Ananunkhiza uku. Ananunkhiza uko. Kettie panalibe. Phulusa anakwera pachiguduli. Anakodzera mtedza.

Kettie pobwera kusukulu anapeza amayi aang'ono ataima pabwalo. Nkhope yawo inali itagwa.

"Taona, Kettie," anatero. "Mtedza uwu ndalima ndekha. Ndasenda ndekha. Lero ndiutaye? Ayi, ndatopa. Mawa galuyu abwerere kwawo."

Kettie anagwada pachiguduli.

Anawola mtedza wonyowawo. Anatsuka chiguduli. Kenako analowa m'nyumba. Anatenga madiresi ake. Anawaika mujumbo. Ananyamula Phulusa. Anakakhala m'chigafa, moyanikamo fodya.

M'chigafa munali zii. Fodya anali atagulitsidwa kale. Kettie anakhala pansi. Misozi inagwera pamsana pa Phulusa.

"Akuti ubwerere kwanu," anatero Kettie. "Kwanu kuti? Amako kulibe."

Phulusa ananyambita dzanja la Kettie.

Dzuwa linapendeka. A Magdalena anaitana. Anaitananso. Anayang'ana kukhitchini. Anayang'ana kumjigo. Kenako anamva kagalu kakulira m'chigafa.

Anasuzumira. Anaona Kettie. Anaona Phulusa. Anaonanso jumbo ya zovala.

"Mwanawe, ukupita kuti?"

"Sindikudziwa," anatero Kettie.

"Nanga zovalazi?"

Kettie anayang'ana pansi. Analankhula motsitsa mawu.

"Phulusa walakwitsa, ndiye mukumubweza. Kodi inenso ndikadzalakwitsa mudzandibweza?"

A Magdalena anagwira pakamwa. Kenako anakhala pansi, pafumbi pomwepo. Anamukokera Kettie pamiyendo pawo.

"Kettie, amayi ako anali akulu anga. Ankandibereka kumsana ndili mwana. Nanenso ndimawasowa. Ndimawasowa tsiku lililonse."

Kettie analira. A Magdalena nawonso analira. Analira onse awiri kwa nthawi yaitali.

"Tamvera," anatero a Magdalena. Anamupukuta misozi ndi chitenje. "Kuno ndi kwanu. Ngakhale uswe mbale zonse, kuno ndi kwanu. Mwana sabwezedwa."

"Nanga Phulusa?"

A Magdalena anamuyang'ana Phulusa. Phulusa anapendeketsa mutu.

"Nayenso ndi mwana, eti? Ndinalankhula ndi mkwiyo. Tandiphunzitsa zimene umachita zija."

Kettie anawaphunzitsa.

"Akadzuka, mupite naye kudzala. Akadya, mupite naye kudzala. Akachita bwino, mumuuze kuti wakhoza."

"Ndimuuze galu kuti wakhoza?"

"Inde, amayi. Amamva."

A Magdalena anaseka pang'ono. Ananyamula jumbo ija. Onse anabwerera kunyumba.

Tsopano aphunzitsi anali awiri. Kettie akapita kusukulu, a Magdalena ankamuperekeza Phulusa. Kettie akabwera, ankamuperekeza ndi iyeyo. Mtedza ankauyanika pathandala, pamwamba.

Phulusa ankaiwalabe nthawi zina. Akaiwala, wina ankathira mchenga. Wina ankasesa. Panalibe wokalipa.

Lamulungu lina Kettie ndi a Magdalena anabwera kuchokera ku Misa. Anakhala pakhonde. Phulusa anali mtulo pafupi ndi chitseko.

Phulusa anadzuka. Anadziwongola. Ananunkhiza pansi. Anayamba kuzungulirazungulira.

Kettie anafuna kuimirira. A Magdalena anamugwira mkono.

"Dikira," ananong'ona.

Phulusa anatsika pakhonde. Anadutsa pamtondo. Anadutsa pankhokwe. Anapita kudzala yekha.

Kettie ndi amayi ake anayang'anana.

Posakhalitsa Phulusa anabwera akuthamanga. Makutu anali petupetu. Mapazi anali fumbi lokhalokha. Analumphira pamiyendo pa a Magdalena. Chitenje chawo cha kutchalitchi chinada.

Kettie anayang'ana chitenje. Anayang'ana amayi ake.

A Magdalena anamusisita Phulusa kumutu.

"Wakhoza, Phulusa," anatero. Kenako anatembenukira kwa Kettie. "Chitenje chimachapika, mwanangu. Sendera kuno."

Kettie anasendera. Anatsamira paphewa pawo. Pamiyendo pa a Magdalena panakwana onse awiri.