Adadi Avala Jezi ya Buluu

Tilly Hindle anali mtsikana wa ku Marlby. Tilly ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti Agogo ayambenso kulankhula ndi Adadi.

Agogo anali atakwiya. Dzuwa linkatuluka, Agogo ali chikwiyire. Masamba anayoyoka m'mitengo, Agogo ali chikwiyire. Chisanu chinafika, Agogo ali chikwiyire. Nkhani yake inali yotani? Jezi. Jezi basi!

Adadi a Tilly anali katswiri wa mpira. Dzina lawo linali Rowan Hindle. Mpira ndiwo unali ntchito yawo.

Ku Marlby kunali timu yofiira. Jezi zinali zofiira. Masokosi anali ofiira. Ngakhale mipando ya m'bwalo inali yofiira. Adadi analowa timu imeneyi ali kamnyamata. Agogo, bambo awo, ndiwo ankawaperekeza pa basi. Kugwe mvula, kuzizire, iwo ulendo wa kubwalo.

Poyamba Adadi ankapukuta nsapato za osewera akuluakulu. Kenako anayamba kusewera nawo. Anagoletsa zigoli zambiri. Anathyoka mwendo. Anachira. Anabwereranso. Anakhala kaputeni wa timu. Anthu onse ankaimba dzina lawo.

"Hindle! Hindle! Hindle wathu!"

Ndiye kunabwera kochi watsopano. Anawayang'ana Adadi kumutu. Anawayang'ana kumapazi.

"Mwakula," anatero kochiyo. "Miyendo yanu yatopa. Kuno malo anu atha."

Taonani mwano wake! Munthu wakhetsa thukuta kuyambira ali mwana. Lero mungomuuza kuti malo atha? Tilly atamva, anaponda pansi mwamphamvu.

"Miyendo ya Adadi sinatope!" anatero Tilly. "Watopa ndi kochiyo!"

Kutsidya kwa mtsinje kunali tauni ya Denholt. Ku Denholt kunali timu ya buluu. Ofiira ndi abuluu sankamwerana madzi. Abuluu anawaitana Adadi. Adadi ankafunabe kusewera. Sankafuna kusamutsira banja lawo kutali. Anavomera, ndipo anavala jezi ya buluu.

Basi, Marlby yonse inatembenuka. Wogulitsa tchipisi analeka kumwetulira. Woyendetsa basi analeka kupereka moni. Nawonso Agogo anatseka pakamwa.

Tsiku lina Tilly anapita kwa Agogo. Anawapeza akumwa tiyi. Kapu yawo inali yofiira.

"Agogo, Adadi akupereka moni," anatero Tilly.

"Imwa tiyi, mdzukulu wanga."

"Agogo, ndati Adadi akupereka moni."

"Ndamva. Makutu ndili nawo."

"Nanga ndikawauze chiyani?"

Agogo anaika kapu pa tebulo.

"Ukamuuze kuti muno simulowa buluu. Bambo anga anali ofiira. Ine ndine wofiira. Ndidzafa ndili wofiira."

"Koma ofiirawo ndi amene anawachotsa!"

"Akanapita kwina kulikonse. Osati ku Denholt."

Tilly anatupitsa masaya. Tiyi sanamwe. Bisiketi sanadye. Anabwerera kwawo mtima uli bwatabwata.

Kenako linafika Loweruka lalikulu. Abuluu ankabwera kudzasewera ku Marlby. M'mawa Adadi ankalongedza chikwama chawo.

"Tilly, lero ukakhale ndi ine," anatero Amayi. "Tikakhala kumbali ya abuluu."

"Ayi, Amayi. Mpando wanga uli pafupi ndi Agogo."

Adadi anagwada pansi. Anamuyang'ana Tilly m'maso.

"Kumeneko kukakhala mawu oipa, mwana wanga."

"Nanenso pakamwa ndili napo, Adadi."

Adadi anaseka pang'ono. Anamupsompsona pamphumi. Kenako ananyamuka.

Kubwalo kunali mvula yowaza. Kunkamveka fungo la anyezi wokazinga. Anthu anadzaza, onse atavala zofiira. Agogo anakulunga sikafu yofiira m'khosi. Tilly anakhala pambali pawo.

Kumbuyo kwawo kunali a Budge. A Budge ankagulitsa nyama pa msika. Anali ndi mimba yaikulu. Mawu awo anali aakulu kuposa mimbayo.

Osewera anatuluka. Awo, Adadi! Jezi yawo inali ya buluu. Tilly anakweza dzanja. Koma bwalo lonse linakuwa.

"Buuu!"

Wezulo inalira. Adadi analandira mpira.

"Buuu!"

Adadi anathamanga nawo.

"Buuu!"

Adadi anaterereka, anagwa m'matope. Anthu anaseka. Anaseka ndithu, osachita manyazi!

"Yudasi!" anakuwa a Budge. "Nkhalamba! Bwerera kutsidya!"

A Budge omwewa! Chaka chatha ankaimba "Hindle wathu" mpaka mawu kusasa. Lero aiwala zonse. Anthu ena inu!

Tilly anayang'ana Agogo. Agogo ankayang'ana nsapato zawo. Tilly anadikira. Agogo anali chete.

"Yudasi!" anakuwanso a Budge.

Apa Tilly zinamukwana. Anakwera pa mpando. Anatembenuka. Anaika manja m'chiuno.

"A Budge! Amene mukuwatukwanawo ndi bambo anga!"

"Khala pansi, kamtsikana iwe," anatero a Budge.

"Sindikhala! Mwendo anathyoka pa bwalo lomwe lino. Anathyokera inu. Kochi atawachotsa, inu munali zii. Lero ndiye mwapeza mawu?"

Ena anaseka. Ena anayang'ana kumbali. Nkhope ya a Budge inafiira ngati nyama ya pa msika.

"A Norman!" a Budge anaitana Agogo ndi dzina lawo. "Tagwirani mdzukulu wanuyu."

Agogo anamukoka Tilly pa jekete.

"Khala pansi, Tilly," anatero motsitsa mawu.

Zimenezi zinamupweteka Tilly kuposa buu uja. Anakhala pansi. Misozi inalengeza. Anaipukuta msanga ndi mkono. Sankafuna kuti a Budge aione.

Mpira unapitirira. Ofiira anayesa, analephera. Abuluu anayesa, analephera. Mvula inakula. Matope anachuluka.

Ndiye mpira unachokera kumbali. Unadutsa wosewera woyamba. Unadutsa wachiwiri. Unafika pa phazi lamanzere la Adadi.

Phaa!

Goloboyi anadumpha. Anagwira mphepo. Mpira unali kale mu ukonde.

Uko kumbali ya abuluu kunali chiphokoso. Kuno kwa ofiira kunali zii. Tilly yekha ndiye analumpha.

"Chigoli!" anakuwa Tilly. "Vinani, Adadi! Vinani aone!"

Koma Adadi sanavine. Adadi sanathamange. Adadi sanamwetulire. Anzawo anabwera kudzawakumbatira. Iwo anangoima. Anayang'ana kumbali ya ofiira. Anakweza manja onse awiri, ngati munthu wopepesa. Anaweramitsa mutu. Kenako anabwerera pakati pa bwalo pang'onopang'ono.

Tilly anakwiya kwambiri tsopano. Anthu awatukwana tsiku lonse. Ndiye opepesa akhale Adadi? Zoona zimenezo?

"Agogo, bwanji sakuvina?" anafunsa Tilly. "Akuopa a Budge?"



"Sakuopa munthu," anatero Agogo. "Ndi mwambo wa osewera mpira. Ukagoletsa timu imene inakulera, suvina. Umaipatsa ulemu."

"Ngakhale itakuchotsa?"

"Ngakhale itakuchotsa."

"Ngakhale itakutukwana?"

"Ngakhale itakutukwana."

Tilly anaganiza. Kenako anawayang'ana Agogo m'maso.

"Ndiye kuti Adadi akupatsani ulemu. Nanga inu mwawapatsa chiyani?"

"Ine sindinanene buu," anatero Agogo.

"Simunanene buu. Simunanene moni. Simunanene chilichonse, Agogo."

Agogo anatembenuka. Anayang'ana pa bwalo. Adadi anali ataima okha m'mvula. Matope anali thupi lonse. Mutu unali chiweramire.

Ndiye Agogo anagwira mpando. Anadzuka. Mawondo awo analira kuti khwe. Anaimirira okha pakati pa ofiira onse. Anayamba kuwomba m'manja.

Phu. Phu. Phu.

"A Norman, mwapenga?" anakuwa a Budge. "Munthuyu watigoletsa!"

"Ndaona, Budge. Maso ndili nawo," anatero Agogo. "Ameneyo ndi mwana wanga. Ukanenanso Yudasi, nyama yako uzidya wekha."

Tilly anaimirira. Nayenso anawomba m'manja. Mayi wina wa kutsogolo anaimirira. Bambo wina wa kumbali anaimirira. Ena anatsatira, enanso anatsatira. Sanali onse ayi. A Budge anapisa manja m'thumba. Koma pakamwa anatseka.

Adadi anamva. Anadzutsa mutu. Anaona Tilly. Anaona Agogo. Anaika dzanja pamtima.

Mpira unatha. Abuluu anapambana. Anthu anatuluka akung'ung'udza. Agogo ankafuna kupita kukakwera basi. Tilly anawagwira dzanja zolimba.

"Tidikire Adadi," anatero Tilly.

"Kukuzizira, mdzukulu wanga."

"Tidikire Adadi."

Anadikira pa geti. Amayi anafika ndi ambulera. Kenako Adadi anatuluka. Tsitsi lawo linali lonyowa. Anavala jekete la buluu. Ataona Agogo, anaima.

Agogo anali chete. Adadi anali chete. Aa, anthu akuluakulu amavuta bwanji! Tilly anagwira dzanja la Adadi. Anakoka uku. Anakoka uku.

"Lankhulanani," anatero Tilly. "Ine ndatopa kunyamula moni."

Agogo anatsokomola.

"Rowan," anatero Agogo.

"Bambo," anayankha Adadi.

"Chigoli chija chandipweteka."

"Nanenso chandipweteka, Bambo."

"Koma chinali chokongola, iwe."

Adadi anamwetulira. Maso awo ananyowa. Sinali mvula ayi.

Agogo anagwira jekete la buluu lija ndi zala ziwiri. Anakwinya mphuno.

"Chovala ichi ndi chonyansa," anatero Agogo.

"Ndikudziwa kuti simuchikonda, Bambo."

"Sindidzachikonda mpaka kale. Koma amene ali m'katimo ndi mwana wanga."

Agogo anakumbatira Adadi, ndi jekete lomwe. Amayi anaseka, misozi ili m'masaya. Tilly analumpha m'chithaphwi. Madzi anathovukira aliyense. Palibe amene anakalipa.

Ananyamuka onse pamodzi. Agogo anayamba kudandaula za woimbira mpira.

"Woimbira uja saona," anatero Agogo.

"Amaona bwinobwino, Bambo," anatero Adadi.

"Saona!"

"Amaona!"

Anakangana mpaka pa mlatho. Anakangana mpaka pakhomo. Tilly ankayenda pakati pawo. Dzanja ili linali kwa Agogo. Dzanja ili linali kwa Adadi. Mkangano umenewu unkamukomera kwambiri.

Agogo anaima pa chitseko. Anapukuta nsapato.

"Rowan, tiyi alipo m'nyumba muno?"

"Alipo, Bambo. Lowani."

Ndipo Agogo analowa.