Kamera Wani

Anakumana pa siteji ya makombi ku Unit D, m'tauni ya Chitungwiza. Mnyamatayo anali atanyamula miyendo itatu ya kamera paphewa, ndipo hwindi, kondakitala wa kombi, ankakana kumukweza.

"Zitsulo izi zilipire mpando wake!"

Tryphena Fabiano anaseka, n'kutenga miyendoyo kuiika pamiyendo pake. "Ndi zanga izi, mukwasha," anauza hwindiyo, pomutcha mkamwini m'Chishona. "Tiye."

"Chichewa chako chikukoma," anatero mnyamatayo atakhala. "Ine ndimangomva, kuyankha ndimayankha m'Chishona. Ndine Admire. Ndikufuna kutsegula wailesi ya kanema ya kuno kwathu."

"Uli ndi situdiyo?"

"Ndili ndi kamera imodzi ndi njala."

Seke Yathu TV inabadwira m'galaja ya Bambo Fabiano. Anakhoma makatoni a mazira m'makoma kuti phokoso la makombi lisalowe. Ankaulutsa pa intaneti, anthu n'kumaonera pa foni, m'mabala ndi kometera. Magetsi akathima, Tryphena ankakoka chingwe cha jenereta mpaka chikhatho kutuluka matuza. Ankajambula maukwati, maliro, mpira wa pafumbi, mapaipi ophulika. Lamlungu ankawerenga yekha uthenga wa mabanja ochokera ku Malawi, m'Chichewa, azigogo a ku Unit N n'kumalira.

Nanga Admire? Pakamwa pake panali uchi.

"Mudiwa wanga, diso langa," ankalemba pa foni. "Popanda iwe ndine kamera yopanda batire."

"Bodza!"

"Ndikulumbira, Try. Tikadzapeza nyumba yeniyeni ya siteshoni, yotsatira ndi nyumba yathu."

Nyumba ya siteshoni inapezekadi. Mwini mabutchala wina anawapatsa zipinda pamwamba pa shopu yake, magetsi a sola ndi kamera yachiwiri. Anawapatsanso mwana wake, Hazel, kuti aziwerenga nkhani. Tryphena anabwezedwa kuseri kwa kamera.

"Ndi kwa kanthawi chabe, shuga wanga. Dzanja lako silinjenjemera, ndani angagwire ngati iwe?"

Anthu anayamba kunong'ona. Ena anawaona awiriwo m'galimoto ya abambo ake a Hazel pa Seke Road. Tryphena anafunsa, Admire anakwiya, nkhani inathera pomwepo.

Siteshoni itatsala pang'ono kukwanitsa zaka zisanu, Admire anafuna kukonza filimu ya mbiri yake. Koma zithunzi zonse zakale zinali mu hadi ya Tryphena, kabokosi komwe ankasungamo chilichonse chomwe anajambula kuyambira m'galaja.

"Sindikupatsa," anatero Tryphena. "Kapemphe kwa Hazel."

Madzulo ake foni inalira.

"Try, wandiwonongera sapulaizi. Filimuyi ndi ya iwe. Ikangotha Loweruka, ndikugwadira pamaso pa Chitungwiza yense, laivu. Mphete ndagula kale. Ndiuze, ndiibweze?"

Anauwerenga uthengawo mpaka foni inatentha. M'mawa anapereka hadi ija ndi manja awiri.

Kodi mtsikana wosangalala amasunga chinsinsi? Anauza bambo ake. Bambo Fabiano anatulutsa suti ya ku tchalitchi, naitana azakhali, oyandikana nawo ndi akwaya, nalumikiza foni ku kanema wamkulu m'chipinda chochezera.

Loweruka Tryphena anafika atavala diresi yobiriwira yatsopano. Situdiyo inali yodzaza alendo. Admire anamukokera pakona.

"Wakongola, mudiwa! Koma tamvera, wojambula mnzako Brendon ndamuika pa kamera thuu. Gwira kamera wani poyambira pokha. Nthawi ikakwana ndikuitana ndekha."

Anavala mahedifoni pamwamba pa tsitsi lomwe anakhalira tsiku lonse ku saluni. M'khutu munamveka mawu a Florida, amene ankasankha zithunzi zopita kwa owonera ali m'kachipinda kena.

"Tili laivu. Filimu ikuyamba."

Galaja inaoneka. Makatoni a mazira anaoneka. Jenereta inaoneka, ndi dzanja likukoka chingwe, koma chithunzicho chinadulidwa pachigongono. Dzanja lake! Pulogalamu ya Lamlungu inadutsa mawu okha, nkhope palibe. Mawu a Admire ankafotokoza: "Ndinayamba ndekha, m'galaja ya mnansi wina wachifundo."

Mnansi wina? Bambo ake, amene galimoto yawo inagona panja zaka zitatu mpaka akuba anaichotsa matayala?

"Florida," ananong'ona pa maikolofoni ya hedifoni, "ine ndili kuti?"

"Chete, Try. Filimu yatha. Kamera wani, mutsatire Admire."

Admire anaimirira. Anayang'ana mu kamera ya Tryphena, m'maso mwake mwenimweni, n'kumwetulira. Tryphena anamwetuliranso. Mwina wandisungira kumapeto! Anayamba kuvula mahedifoni.

Admire anatembenuka, nagwada pamaso pa Hazel.

Nthungululu zinang'amba denga.

"Kamera wani, yandikira pa mphete," anatero Florida. Mawu ake sanadabwe ngakhale pang'ono. "Wani! Mphete!"

"Umadziwa?"

"Aliyense amadziwa, sha. Yandikira!"

Tryphena anagwira chogwirira cha kamera n'kuipotoza mwamphamvu. Anaiyang'anitsa pagalasi la pakhomo, pomwe pankaoneka iye mwini, diresi yobiriwira, misozi ikuchotsa phaudala. Aone! Chitungwiza yense aone nkhope yomwe anaidula!

Kagetsi kofiira ka pa kamera yake, kosonyeza kuti chithunzi chake chikupita kwa owonera, kanali katazima kale.

"Tili pa thuu," anatero Florida. "Brendon, wachita bwino. Khala pomwepo."

Palibe anaona kanthu. Owonera anaona mphete, anaona Hazel akulira mokongola, anaona mwini mabutchala akukumbatira mkamwini.

Pulogalamu itatha Tryphena anamupeza Admire pa masitepe.

"Unati ukundigwadira ine!"

"Tsitsa mawu, pali alendo."

"Zaka zisanu, Admire! Galaja ya adadi! Manja angawa!"

"Ukanandipatsa hadi ndikanakuuza zoona?" Anakonza tayi yake. "Siteshoni siidya chikondi, Try. Ndipo zomwe wachita lero ndi kamera ya abwana, Lolemba usavutike kubwera."

"Ndipatse hadi yanga."

"Zili m'menemo ndi katundu wa siteshoni."

Anamuwomba mbama yomwe inamveka mpaka m'butchala. Admire anangosisita tsaya, n'kubwerera ku keke.

Kunyumba anapeza alendo atabalalika, mbale za mpunga zili zosakhudza. Bambo Fabiano anali pampando wawo, suti ili m'thupi, akuyang'ana kanema yemwe ankabwereza filimu ija.

"Adadi, zimitsani."

"Dikira, mwanangu." Anasendera pafupi ndi galasi la kanemayo, naloza. "Ndawauza anthu onse kuti dzanja ili ndi lako. Aseka. Tabwera uone, si lako ili?"

Tryphena anayang'ana, nabisa manja ake kumbuyo.

"Si langa, adadi."