Nsupa Imene Idaphunzira Kuitana

Umphawi wa kwathu ndi wabwinoko chifukwa mumasaukira limodzi mudzi wonse. Wa ku Cape Town ndi wamwano: umasauka uku magalasi a m'mashopu akukuonetsa zonse zimene ulibe.

Zakeyu ankakhala ku Joe Slovo Park m'kanyumba ka malata pamodzi ndi mlongo wake wamkulu, Estere. Estere ankaluka tsitsi m'kontena ya mnzake Triza, kuyambira m'mawa mpaka zala kutupa. Zala zimenezo ndizo zinkalipira fizi ya Zakeyu pa kakoleji kena ka m'tauni, kamene kadali pamwamba pa shopu ya mipando, aphunzitsi ake oti ungawawerenge ndi dzanja limodzi. Kumeneko mnyamatayu ankaphunzira za makompyuta, makamaka kulemba mapulogalamu.

Mutu adali nawo, tisamunamizire. Koma laputopu yake idali yogula kwa munthu, batire lidafa kalekale, ndipo ikatentha inkalira ngati chigayo mpaka kalasi yonse kutembenuka. Mvula ya mu Julaye ikamadontha padenga, ankaifunditsa jumbo iye n'kumanyowa. Loweruka ankanyamula matumba a mbatata kumsika wa ku Epping, ndipo ndi kumeneko kumene adaganiza zolemba kapulogalamu ka pafoni kouza mavenda mitengo ya tomato ndi anyezi asanadzuke kupita kokaoda. Kadali kabwino ndithu. Koma amene adakaika m'mafoni mwawo adali Estere ndi Triza basi, anthu oti sagulitsa ndi tomato mmodzi yemwe.

Chimene chinkamudya mumtima ndi Donald, Mmalawi mnzake wa m'kalasi, mwana wa anthu opeza bwino a ku Lilongwe. Donald ankabwera pagalimoto, laputopu yake yopyapyala ngati kope, koma ntchito ya kusukulu ikamuvuta ankathamangira kwa Zakeyu yemweyo. Akamuthandiza, malipiro ake adali chipisi ndi mawu oti, "Aise, ndiwe genius." Zakeyu ankaseka pamaso, m'khosi muli njiru.

Tsiku lina pokwerera mataxi munthu adamupatira kapepala m'dzanja, timapepala tija ta asing'anga tolonjeza kubweza mkazi wothawa ndi kukoka makasitomala. Anthu amatiponya pansi asanatiwerenge n'komwe. Zakeyu adakapinda n'kukaika m'thumba.

Sing'angayo, a Dziko, ankachita lendi kuseri kwa nyumba ina ku Gugulethu. Sadavale zikopa kapena mikanda. Adali mkulu wa jekete yaudongo, akumwa tiyi dzuwa lili paliwombo. Zakeyu atafika, mkuluyo adamvetsera dandaulo lake lonse osadula mawu, kenaka adafunsa funso limodzi.

"Mutu wakowo akuudyetsa ndani?"

"Asisi anga, bambo. Ndi amene amandilipirira fizi."

"Bere limodzi?"

"Eya."

"Ndiye zaphweka." Adapisa pansi pa mpando n'kutulutsa kansupa kakuda, kotha kubisika m'chikhato. "Ukatenge tsitsi la pachipeso chake, uike umu. Mwezi ukatha, uziika pakamwa pako pakamwa pa nsupayi n'kutchula dzina lake kamodzi. Kamodzi kokha. Makasitomala adzabwera okha ngati nyerere pa shuga."

Zakeyu adakayang'anitsitsa kansupako. "Nanga asisiwo chidzawachitikire n'chiyani?"

"Ine sindipha anthu, mwana wasukulu. Opha ali kwina. Adzingopepukako mutu pang'ono. Nzeru zimene ukufuna zikulemeretsezo ukuyesa zichokera kuti? Kumwamba? Chitsime ukamatunga, madzi amatsika."

"Koma ndi reversible? Ndikutanthauza, ndikadzapeza zokwanira, zingabwezeke?"

A Dziko adaseka osatsegula pakamwa. "Nonse mumafunsa zimenezo. Sindinaonepo amene anabwera kudzandiuza kuti zakwana."

"Ndipereke zingati?"

"Sunga. Wolipira si iwe."

Munthu wamantha akadadzuka pamenepo n'kuthawa, ndipo mantha akadamupulumutsa. Koma Zakeyu adali wophunzira, ndipo wophunzira akafuna kuchimwa sasowa mfundo. Adadziuza kuti Estere ali ndi nzeru zambiri, zochepa zitachoka sangazindikire. Adadziuza kuti akalemera adzamugulira saluni yakeyake ya magalasi, adzasiya kupinda msana m'kontena. Pofika kunyumba n'kuti atadzikhulupiritsa kuti akuchitira mlongo wake zabwino. Tsitsi silidavute kupeza. M'nyumba ya woluka chipeso chimangokhala patebulo.

Ataitana koyamba, sabata isanathe mavenda a ku Epping adayamba kuuzana za kapulogalamu kaja. Ataitana kachiwiri, eni magolosale adayamba kulipira kuti katundu wawo azionekamo. Zakeyu adagula laputopu yatsopano, nsapato, ndipo adachita lendi kafulati ku Milnerton koyang'ana kunyanja. Estere adavina m'kontena, akuuza aliyense kuti Mulungu wayankha. Adakana kusamukira kufulatiko, ati makasitomala ake adamuzolowera pomwepo.

Kupepuka kuja kudayamba ndi zazing'ono. Ankathira mchere kawiri m'ndiwo. Ankafunafuna chipeso chili m'dzanja. Kenaka tsiku lina adaima pakati pa mutu wa kasitomala, zala zili m'malere, ataiwala kalukidwe kamene adakhala akuluka zaka zonsezi. Mayiyo adakalipa m'Chikhosa n'kutuluka theka la mutu lili nyankhalala. Lamulungu lina kutchalitchi, Estere amene ankayambitsa nyimbo za amayi adatsegula pakamwa, nyimbo osabwera.

"Zake, mutu wangawu ukundichita bwanji?" Estere adamufunsa Zakeyu atabwera kudzamuona. "Dzulo ndimafuna kutchula dzina la malemu amayi, ndinachita kufunsa Triza. Kapena ndi BP?"

"Ndi stress chabe, asisi. Mukugwira ntchito kwambiri."

"Mwina. Iwe usadandaule za ine, limbikira sukulu. Wadya?"

Funso limenelo lidamulasa kuposa mpeni. Mwezi utatha adatenga nsupa ija, koma lilime lidalemera. Dzina limene adakula akuliitana akagwa, akadwala, akamva njala, lidakanira pakhosi. Adalira, ndipo kulirako kudali kwenikweni. Koma lendi ya ku Milnerton sidikira misozi, ndipo Donald adali atayamba kumutchula bwana.

Apa ndi pamene sukulu idamupweteka. Mphunzitsi wawo wina ankakonda kunena kuti ntchito yobwerezabwereza si ya munthu, njopatsa makina. Zakeyu adaona kuti wapeza njira yochimwira osakhalapo. Adajambula mawu ake kamodzi pa foni yakale, akutchula dzinalo. Kenaka adalemba timizere tochepa touza foniyo kuti izibwereza mawuwo yokha, chimene iwo amati lupu. Lamulo loyamba la ntchito yawo ndi lakuti chimene walemba uchiyese usanachisiye. Koma kuyesa kukadatanthauza kumva mawu ake omwe akugulitsa mlongo wake, ndiye adalemba mothamanga, maso ali kumbali, ngati munthu wozinga nkhuku yoweta yekha. Mzere wouza foniyo kuti ikatchula kamodzi idikire mpaka mwezi wina adausiya osadziwa. Adaitchera kuti iyambe mawa lake, adaiika m'katoni ya nsapato moyang'anizana ndi pakamwa pa nsupa, adalumikiza kumagetsi, n'kukiya chitseko. M'mawa mwake adakwera ndege ndi Donald kupita ku Joni kumpikisano wa olemba mapulogalamu.

Kumeneko foni yake ya m'thumba siidapume. Mauthenga a kubanki ankangogwa motsatizana mpaka foni kutentha. Zakeyu adagulira anzake zakumwa, osadzifunsa kuti mvula yotereyi yachokera mtambo uti. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Triza adaimba kangapo, iye osayankha. Atayankha, adamva mawu onjenjemera.

"Zakeyu, uli kuti? Bwera now now. Asisi ako sakudziwa munthu."

Atabwerera ku Cape Town, Zakeyu adamupeza Estere atakhala pampando wa makasitomala m'kontena muja, manja ali pamiyendo, waudongo bwinobwino chifukwa Triza adamusambitsa. Adamuyang'ana mlongo wake n'kumwetulira mwaulemu monga timachitira ndi mlendo wolowa m'basi. M'maso mwake mudalibe mkwiyo kapena ululu. Mudalibe kanthu.

Zakeyu adathamangira ku Milnerton. Asanatsegule n'komwe chitseko adamva mawu ake omwe akuchokera m'kati, osapuma, osameza mate: "Estere, Estere, Estere, Estere." Adazula chingwe, adamenyetsa foni ija pansi, adaiponda mpaka galasi kukhala ufa. Kudakhala chete kanthawi. Kenaka mawu aja adayambiranso, motsitsa, kuchokera m'kamwa mwa nsupa.

Zakeyu adathamangira kwa a Dziko n'kuwapeza akuchapa kapu yawo pampopi. Adagwada m'matope momwemo n'kufotokoza zonse.

"Ndinati kamodzi pamwezi, ndi pakamwa pako," adatero mkuluyo. "Ukudziwa chifukwa chake? Pakamwa pa munthu pamatopa. Pamachita manyazi. Ambiri amaitana kangapo n'kulephera, ndipo m'bale wawo amatsalako. Iwe wachotsapo manyaziwo."

"Inali mistake, bambo! Ndinaiwala mzere umodzi. Tengani zonse, fulati, ndalama, chilichonse. Ingozimitsani."

"Ndizimitse chiyani? Nsupa imeneyi inali kwa agogo anga, inali kwa bambo anga, sinayankhulepo. Waiphunzitsa ndiwe. Ine za masukulu anuzo sindizidziwa."

"Ndiye nditani?"

"Palibe. Chitsime chija chauma, koma ludzu silinathe. Paja unati bere limodzi?" Adakhutula madzi a m'kapu. "Walira mvula walira matope. Pita, ndili ndi anthu ena."

Zakeyu adayesa zonse zimene munthu angayese. Adapita naye Estere kwa madokotala odula, amene adaunika mutu ndi makina awo n'kunena kuti sakuona chovuta. Adaitana abusa, adapemphera mpaka mawu kusasa. Nsupa ija adaimangirira kumwala n'kuiponya m'madzi a ku Milnerton, koma pobwerera ankaimvabe m'makutu, ndipo tsopano inkatchula dzina lina. Inkati, "Zakeyu, Zakeyu."

Akadali ndi nzeru zokwanira kuulula, adakaulula kwa Triza. Mayiyo sadamumenye, sadamutukwane. Adangoti, "Munthu ankadya buledi wouma kuti iwe ulembe mayeso," n'kutembenuka kukamwetsa Estere phala.

Mayeso a kumapeto kwa chaka atafika, Zakeyu adakhala kutsogolo kwa laputopu yake yatsopano, zilembo zili balala ngati nyerere zobalalika. Sadalembe kanthu. Kapulogalamu kaja katawonongeka padalibe wokakonza, ndipo mavenda adakachotsa m'mafoni mwawo. Manambala achinsinsi a kubanki adawaiwala, kenaka adaiwala kuti kubankiko kuli kanthu. Mwini fulati adamutulutsira katundu panja. Donald adasintha nambala. Patapita miyezi, amayi ena a kutchalitchi adamupeza kuseri kwa msika wa ku Epping akutola tomato woola, nsapato imodzi kuphazi, akutembenukatembenuka ngati wina akumuitana.

Amalawi a ku Joe Slovo adachita zimene amachita mnzawo akamwalira: adasonkha kuti atumize Zakeyu ndi Estere kumudzi. Kusiyana kwake n'kwakuti awa ankapuma. Triza ndiye adawaperekeza. Adawakhazika pampando umodzi m'basi, Estere kuwindo, Zakeyu pambali pake, iye kumbuyo kwawo. Awiriwo sadayang'anane, pakuti sankadziwana.

Basi itatuluka mumzinda n'kuyamba kukwera mapiri, kudazizira. Zakeyu adayamba kunjenjemera, mano akugundana. Estere adamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka adavula nsalu imene adafunda, adamufunditsa bwinobwino mpaka m'khosi, n'kutembenukira kwa Triza.

"Mayi, mwana wa eniyu akuzizidwa," adatero. "Kodi alibe abale?"

Triza adagwira pakamwa n'kulira mpaka basi yonse kukhala chete.

Inu amene makolo ndi alongo anu akutupa zala kuti muphunzire, imvani. Chuma cha mankhwala chilibe mtengo wotsika, ndipo kawirikawiri amene amalipira ndi uja amakukondani koposa. Dyera limayamba ndi mawu oti pang'ono pokha, koma silidziwa poimira. Kuli bwino kumaliza sukulu ndi laputopu yolira ngati chigayo, mlongo wako akukudziwa dzina, kusiyana ndi kulemera n'kusowa wokuitana m'bale.