Botolo la Che Atumani

Lachitatu m'mawa, Tatu atatsikira kudooko kukatsuka mbale, anapeza khoka la Che Atumani lili pamchenga, louma gwa. Anyamata asanu ndi mmodzi amene ankawakokera khokalo anali asanaoneke kwa masiku atatu. Eni akewo anangokhala pabwato, akusoka pong'ambika ngati palibe chachitika. Amayi otunga madzi ankawalambalala patali.

"Usawayang'ane kumaso," mayi wina anamunong'oneza Tatu. "Amaweta jini m'botolo. Zalembedwa m'buku la boma."

Buku la bomalo ankalidziwa bwino kuposa munthu aliyense ku Makanjira, pakuti linali kope lake.

Mtsikanayu anali mu Sitandade 7, ndipo kuwerenga kunamulowa ngati matenda. Aphunzitsi ake, a Howard, anabwera kuchokera ku Ntcheu ndi bokosi lachitsulo lodzaza mabuku. Anzake ankasankha a zithunzi, koma iye ankafukula pansi penipeni kufuna a mizukwa, a ziwanda, a anthu osanduka mbalame ndi a mizinda ya pansi pa madzi. Akamutuma kukaingitsa mbalame kumpunga, mbalamezo zinkadya mwaufulu iye maso ali pabuku. Bambo ake, Che Uladi, anali atamuchenjeza kale kuti tsiku limene mabukuwo adzabweretse mlandu pakhomo, ndiye kuti kuwerenga kwatha.

Kenaka mabuku a m'bokosi anatha. Msewu wa ku Mangochi unali utaduka ndi mvula, atsopano akanadzera kuti? Tatu anaganiza zolemba nkhani yakeyake. Chinkasowa ndi munthu woopsa basi. Tsono Che Atumani, bambo okhala okha, anali ndi kabotolo kofiirira m'thumba la malaya, ndipo Tatu anawaonapo kawiri akukalankhula chapansipansi. Iye sanafunse kanthu. Analemba kuti m'botolomo muli jini loitana nsomba, limene chaka chilichonse limafuna moyo wa mmodzi mwa okoka khoka. Dzina anaika lenileni, poti linkakometsa nkhani.

Mnzake Aida anabwereka kopelo, ndipo achimwene ake a Aida anakaliwerenga mokweza pakati pa asodzi. Ambiri mwa iwo sankadziwa kuwerenga, koma chizindikiro cha boma chimene chinali pachikuto anachizindikira. Makope onse a kusukulu anali nacho, koma zimenezo akanawauza ndani? Masiku amenewo munthu wofuna mtendere sankatsutsana ndi pepala lokhala ndi chizindikiro chimenecho. Nkhani inafika kwa atcheyamani a chipani, ndipo iwo analamula kuti Lachisanu Che Atumani aonekere pagulu. Akapezeka olakwa, asamuke.

Lachitatu lomwelo Tatu anathamangira kwa aphunzitsi nawauza zonse, misozi ili chuchuchu.

A Howard anayamba asuzumira pawindo, kenaka anatsitsa mawu. "Mwana wanga, ine ndine wobwera kuno. Ndikakaima pagulu paja, adzati mphunzitsi ndiye akulemba zosokoneza m'makope a boma. Ukudziwa kumene zimathera zimenezo."

"Nanga ine, aphunzitsi? Ababa akamva, buku sindidzaligwiranso."

"N'zoona," anatero a Howard. "Koma ukakhala chete, Che Atumani akagona kuti?"

Tsikulo ndi Lachinayi lonse Tatu sanatsegule buku. Ankadzinyengerera kuti mwina anthu aiwala, mwina mvula igwa msonkhano ulephereke. Mvula sinagwe.

Lachisanu, swala ya kumzikiti itatha, anthu anadzaza pansi pa mtengo wa mango. Che Atumani anakhala pansi pakati pa bwalo, kofiya wawo ali m'manja. Atcheyamani anakweza kope lija kuti aliyense aone chikuto chake.

"Ife sitipeka nkhani," anatero. "Zalembedwa umu. Alipo wotsutsa?"

Tatu anaona bambo ake ataima kumbuyo, manja atapinda pachifuwa. Komabe mtsikanayo anadzuka. Anapita kutsogolo nagwada.

"Pepani akuluakulu. Ndinalemba ndine. Ndinangopeka."

Anthu anaphulika ndi phwete. "Kamwana aka kalembe buku la boma?" anakuwa msodzi wina. "Akatuma aka!"

"Tsegulani kumapeto, atcheyamani," anatero Tatu. "Muli masamu anga."

Atcheyamani anatembenuza kopelo. Munalidi masamu ogawa, dzina la Tatu Uladi pamwamba, ndi mitanda yofiira isanu ndi iwiri ya cholembera cha a Howard. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenaka anatsokomola. Ena anaseka, ena anaweramitsa nkhope. Che Uladi sanaseke.

"Chabwino, wapeka," anatero mayi uja wa kudooko. "Nanga botololo wapekanso? Tonse tinaliona!"

Apo Che Atumani anapisa dzanja m'thumba. Anthu a kutsogolo anasunthira m'mbuyo, ana n'kubisala kuseri kwa amayi awo. Bamboyo anazula chotsekera nakhuthulira pachikhatho. Munatuluka mikanda yoyera ndi yofiira, yosakwana n'komwe dzanja limodzi.

"Ya akazi anga iyi," anatero mwakachetechete. "Inaduka tsiku limene tinawanyamula kupita kuchipatala, ine n'kutola. Sanabwerenso. Ndimawauza za tsikulo, kuti lero utaka wavuta, lero denga ladontha. Zaka makumi atatu ndinkawauza zonse, tsono pakamwa sipanazolowere kukhala chete."

Che Atumani anabwezera mikandayo m'botolo umodziumodzi, kenaka anatembenukira kwa Tatu. Sanakalipe, ndipo Tatu analakalaka akanakalipa.

"Mwanangu, umandipatsa moni m'mawa uliwonse. Ukanangondifunsa."

Tsiku lomwelo Che Uladi analandira kope lija kwa atcheyamani, analing'amba naliponya pamoto. Mabuku awiri amene anali kunsi kwa mphasa ya Tatu anawabweza okha kwa aphunzitsi. Tatu sanalire nazo, ngakhale zinamuwawa kwambiri.

Loweruka m'mawa anatsikiranso kudooko. Khoka linali m'madzi, koma okoka anali anayi okha. Awiri enawo anali atapita kukayamba ntchito kwa eni khoka ena. Tatu anatula mbale zake pafupi ndi bwato la Che Atumani, osati patali monga ankachitira amayi ena, nawapatsa moni akuwayang'ana kumaso. Iwo anayankha bwinobwino.

Nthawi yomweyo kamtsikana kakang'ono, kamene sikanayambe n'komwe sukulu, kanatulukira ndi ndowa pamutu. Kataona Che Atumani kanaima, n'kutaya ndowa ija, n'kuliyatsa liwiro kakukuwa.

"Amayi! Bambo a jini aja!"

Che Atumani anaweramira chingwe chawo ngati sanamve. Tatu anatola ndowayo nayamba kukatsatira kamwanako, kuti akakafotokozere kuti zonse zija zinali zopeka. Ali m'njira anayesa kuwerenga nyumba za m'mudzimo zimene nkhaniyo inalowamo, koma zala zinamuthera asanafike n'komwe pamsika.